Mzere Wofiira wa Firmin

Godelieve anasolola mpukutu m'paipi, nauika patebulo la m'khitchini, nayamba kuutambasula. Mpukutuwo unakana. Anaukoka ndi mphamvu, monga ankachitira ndi chilichonse chomukanira, ndipo pepala linangoti kwee! Chidutswa chachikulu ngati chikhatho chinatsala m'manja mwake. Fungo la chuku linadzaza khitchini yonse.

"Ayi," anadziyankhulira. "Ayi ndithu."

Zinali zithunzi za mwamuna wake Firmin, zija zolengeza filimu zimene ankazipachika m'bokosi lagalasi pakhomo pa holo ya kanema. Firmin anayendetsa makina oonetsera filimu m'holo ya pafupi ndi siteshoni ya ku Ronse kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo filimu ikamaliza sabata yake, chithunzi chake ankabwera nacho kunyumba. Tsopano anali kunyumba yosamalira okalamba, chaka chachitatu, ndipo chiyambire Khirisimasi sankamudziwanso mkazi wake. Ankamupatsa moni wa mlendo: "Mwaswera bwanji, mayi?"

Dzulo lake nesi anamuimitsa Godelieve pakhomo. "Adokotala akuti mtima wa abambo watopa. Ngati kunyumba kuli chinthu chakale chimene angachione n'kukumbukira, bweretsani sabata ino. Musadikire mwezi wamawa."

Chinthucho Godelieve ankachidziwa. Zithunzi zakale za filimu zinkabwera ndi malo oyera pamwamba, polembapo masiku ndi maola a filimu, pambali n'kumata sitampa ya msonkho. Wolemba pa holo ija anali Firmin, ndi kaburashi ndi inki yakuda. Nthawi imeneyo Godelieve anali mtsikana wa kufakitale yoluka nsalu, ndipo bambo ake sankafuna kumva za mnyamata wogwira ntchito mumdima. Ndiye Firmin anapeza njira. Pansi pa ola limodzi ankajambula mzere wofiira. Godelieve akamadutsa pa njinga m'mawa ankangoponya diso, n'kudziwa kuti pa ola limenelo chitseko cham'mbali chikhala chosakhoma. Chithunzi chimene ankachifuna chinali cha mkazi wa jasi yachikasu ataima pamlatho, sutikesi ili m'manja. Mzere wake unali pansi pa Lamlungu, 3 koloko. Tsiku limenelo ndi limene Firmin anamufunsira ukwati makina akusokosera, mpaka anabwereza katatu.

Firmin ankasunga zithunzizo m'kabati ya madirowa aakulu osaya, chilichonse chitagona chosapinda, pakati atayala pepala lopyapyala lopanda asidi. Anali ndi malamulo. Selotepi ayi. Labala ayi. Khofi asayandikire. Pogwira, sambani m'manja kaye.

"Mapepala anu amagona bwino kuposa ine," ankatero Godelieve. "Mawa mudzawagulira bulangete."

"Tamvera kaye, Lieve, ndikuuze chifukwa chake."

"Supu ikupsa."

Firmin atapita kwa okalamba, maondo a Godelieve anakana masitepe, bedi linafunika kutsikira pansi, ndipo malo ake anali pamene panali kabati. Kabati anaipereka kwa Remi, mnansi wake, kuti azisungiramo misomali. Zithunzi anazikulunga makumi awiri pamodzi, nazimanga ndi malabala, nazikuta ndi pulasitiki yokulungira zakudya kuti chinyontho chisalowe, nazilowetsa m'mapaipi amadzi, natseka uku ndi uku. Remi anakawaimika mapaipiwo m'chipinda chapansi pa nyumba, pafupi ndi mbatata. Ntchito yonse inatha masana amodzi, ndipo Godelieve anadzitama nayo.

Tsopano anaona m'mphepete mwa mpukutu kamtundu kachikasu, pa chithunzi chachinayi kapena chachisanu kuchokera kunja. Anatenga makina oumitsira tsitsi, naupemerera mpweya wotentha. Pepala linafutukuka ngati khungu lopsa. Anazimitsa makinawo, navala jasi, nakulunga mpukutu m'thaulo, nakakwera sitima ya ku Gent.

Mumzinda wa Gent, Mireille De Waele anali ndi kashopu kokonzera zithunzi zakale. Firmin ankagula mapepala ake opanda asidi kumeneko, kuyambira nthawi imene shopu inali ya bambo ake a Mireille. Godelieve anali asanalowemo n'kamodzi komwe. Nthawi zonse ankadikira panja akuyang'ana wotchi.

"Ndine mkazi wa Firmin wa ku Ronse."

"Ndakudziwani," anatero Mireille. "Ndinu aja munkagogoda pagalasi ndi ambulera."

"Ndi ine. Tsegula ichi."

Mireille anavundukula thaulo, nanunkhiza. Kenako anati, "Ndani wachita zimenezi?"

"Usafunse ngati wansembe. Ndine."

"Pulasitiki ya m'khitchini?"

"Kuti chinyontho chisalowe."

"Mayi, chinyontho chinali kale m'pepalamo. Inu munangochitsekera khomo kuti chisatuluke. Nanga apa pafutukukapa?"

"Ndinaumitsa pang'ono."

"Ndi chiyani?"

"Makina a tsitsi."

Mireille anavula magalasi. "Simunayeseko ndi simbi? Mwaiwala chimodzi chokha chimenecho."

"Iwe mwana, ndinkaluka nsalu amayi ako asanakusinthe thewera. Zonyoza undinyoze Lachisanu. Lero ndikufuna chimodzi chokha, cha mkazi wa jasi yachikasu. Zinazo ukolezere moto ukafuna."

Mireille anafunsa chifukwa chake, ndipo Godelieve anamuuza zonse mwachidule, za mapaipi, za nesi, za moni wa mlendo, za mzere wofiira. Sanalire. Anangoyang'ana khoma pamene panapachikidwa timipeni tosathwa ndi maburashi ofewa.

"Mundipatse masiku awiri," anatero Mireille. "Izi sizifuna changu."

"Changu ndi chimene ndili nacho."

"Ndi chimene chakufikitsani pano."

Godelieve anabwerera Lachitatu m'mawa. Anapeza zithunzi zisanu ndi chimodzi zitayalidwa patebulo lalitali, chilichonse pakati pa mapepala omwa madzi. Mireille anali atazilekanitsa pang'onopang'ono ndi kampeni kosathwa. Mkazi wa jasi yachikasu analipo. Nkhope yake inali itamatirira kumsana kwa chithunzi china, koma jasi ndi sutikesi zinkaoneka. Godelieve sanayang'ane zimenezo. Anayang'ana pamwamba.

Pamwamba panalibe. Pepala linkathera pa mutu wa mkaziyo, m'mphepete muli nyenyeswa zotuwa ngati phala louma.

"Mapaipi munawaimika," anatero Mireille, mawu atafewa. "Madzi onse a m'kati ankatsikira pansi. Ndipo mbali imene inali pansi ndi yolembapo maola."

"Zonse?"

"Mpukutu uwu zonse. Mapaipi enawo sindinaone."

"Enawo alibe ntchito." Godelieve anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ungathe kumata china. Ndaona pawindo pako, umamata zithunzi pansalu, zong'ambika n'kukhala ngati zatsopano."

"Chong'ambika ndimalumikiza. Chosowa pang'ono ndimadzaza. Koma dzanja la a Firmin ndilitenga kuti? Ndikumbe m'phala ili?"

Kenako Mireille anatsegula dirowa ina, natulutsa chithunzi chomwecho, chathunthu, chachikasu chake chili ngwee. Chinachokera ku holo ina ya ku Kortrijk. Pamwamba panali maola olembedwa ndi munthu wina, zilembo zopendekera, sitampa ili pakona.

"Tengani. A Firmin anandiphunzitsa kugwira pepala ndili wamng'ono. Mwina chithunzi chokha chikwanira."

Godelieve analoza pamwamba. "Lamlungu 3 koloko ilipo apa. Jambulapo mzere wofiira."

"Pa pepala la zaka makumi asanu ndi limodzi? Dzanja langa lingaume."

"Za mwambo basi. Nonse ndinu amodzimodzi."

Mireille anachiika pakati pa makatoni awiri olimba, namanga ndi kansalu. "Muchinyamule chogona. Ndipo chonde, mayi, musachite nacho china chilichonse."

Godelieve anachinyamula chogona mpaka kunyumba ya okalamba. M'khonde, pakatebulo ka maluwa, anamasula makatoni, natulutsa bolopeni yofiira m'chikwama, najambula mzere pansi pa Lamlungu 3 koloko. Anaujambula kamodzi, wowongoka bwino. Analowa.

Firmin anali pabedi atatsamira mapilo atatu. Manja ake anali ataonda ngati timitengo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, bambo. Ndakubweretserani kanthu."

Godelieve anamuimikira katoni ya chithunzi pamiyendo. Firmin anapukuta zala zake pabulangete, chala chimodzi chimodzi, asanagwire m'mphepete. Maso ake anayamba kuyenda, ndipo nkhope inawala mmene Godelieve anali asanaionere chiyambire Khirisimasi.

"Aa! Uyu. Filimu iyi inabwera m'zitini zisanu. Ya m'chitini chachitatu inkaduka pamene mkazi akukwera sitima. Anthu kuimba mluzu, kumenya mipando! Ine thukuta lili kamukamu."

"Eya," anatero Godelieve. "Nanga Lamlungu? Mukukumbukira Lamlungu lake?"

Firmin anakweza maso pamwamba pa chithunzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kuwala kuja kunayamba kuzima.

"Ili si dzanja langa."

"Yang'anani mzerewo, bambo inu."

"Ndauona. Ine sindilemba chopendekera chonchi. Ndipo mzere wanga ndi wa burashi, umanenepa kumapeto. Uwu ndi wa bolopeni." Anayamba kupuma mofulumira. "Wina wadziwa. Wina akumuitana Lieve wanga. Mayi, mumadutsa kufakitale? Mukamuona mumuuze asapite. Mumuuze kuti si ine."

Godelieve anamugwira dzanja. "Firmin. Ndine Lieve. Ndabwera. Tandiyang'anani."

Anamuyang'anadi, mwaulemu, ngati munthu wosafuna kukhumudwitsa mlendo.

"Pepani, mayi. Lieve ndi wa tsitsi lakuda." Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. "Ichi bwezani kumene mwachitenga. Changa chili kunyumba, dirowa yachiwiri. Zonse zili kunyumba. Lieve akundisungira. Amalongolola, pakamwa pake sipapuma, koma chinthu changa sangachitaye. Mukamuuze abwere nacho yekha."

Kenako Firmin anamufunsa:

"Mukamuuza?"

"Ndikamuuza."

"Akusunga bwino, eti?"

"Akusunga," anatero Godelieve.

Firmin anagwedeza mutu, natembenukira kuwindo. Nesi analowa ndi mankhwala, naona chithunzi, nafunsa ndi maso. Godelieve anapukusa mutu, namanga makatoni ake.

Masana omwewo anaitana Remi kuti akweze mapaipi onse otsala. Analipo khumi ndi anayi. Ankati mwina mwa enawo mupezeka chimodzi cha chaka chomwecho, cha filimu ina iliyonse, chokhala ndi mzere wa burashi. Ulendo uno sanakoke kanthu. Anawatumiza onse kwa Mireille osatsegula, nakhala pafupi ndi foni. Mireille anaimba Loweruka. M'paipi yachisanu ndi chinayi, imene Remi anaiimika chozondoka mosadziwa, malo olembapo maola anapulumuka, ndipo zithunzi ziwiri zinali ndi mzere wofiira wonenepa kumapeto. Zinafunika masiku ena atatu kuti ziume bwino.

Firmin anamwalira Lolemba m'mawa, nesi akumusintha pilo.

Mireille anabwera nazo yekha zithunzi ziwirizo tsiku la maliro litapita. Godelieve anakapempha kabati ija kwa Remi, natsanula misomali m'ndowa, natsuka madirowa, nadikira sabata yathunthu kuti aume. Bedi analikankhira kukhoma. Masiku ano amadutsa chammbali kuti akafike pawindo. Mwa zithunzi mazana atatu zinatsala makumi anayi ndi chimodzi, ndipo zimagona chosapinda, pepala lopanda asidi lili pakati. Lamlungu amasamba m'manja, n'kutsegula dirowa yachiwiri, n'kuyang'ana, n'kutseka. Sauza munthu zimene amaganiza, ndipo palibe amene amamufunsa.

Inu amene mwawerenga izi, mwina kwanu kulinso munthu wa mapepala ake amene amakutopetsani nawo. Musawakulunge m'pulasitiki, musawatsitsire pachinyontho, selotepi ndi labala zikhale kutali. Koma zimenezo Mireille aliyense angakuuzeni. Chimene ndikukupemphani ine n'chakuti mwini wake akati tamvera kaye ndikuuze chifukwa chake, muchotse supu pamoto, mukhale pansi, mumve mpaka amalize.