Madzi Otentha Pamsana pa a Sailesi

Mayi Benedicta ankayembekezera kumva amuna awo, a Sailesi, akubuula. Zaka zambiri zowerama m'munda wa mpunga ku Malengachanzi zinawononga msana wa a Sailesi, mpaka madokotala anawachita opaleshoni m'chiuno. Koma atawabweretsa m'wodi, bambowo anangogona chammbali, phee, n'kumafunsa tiyi.

"Sikukupwetekani?" anafunsa a Benedicta.

"Olo pang'ono. Pamsanapa pangochita dzanzi."

A Benedicta mutu unaima. Munthu amene amadzutsa mudzi akangolasidwa ndi munga wa chambo, lero wang'ambidwa n'kukhala chete? Anachita mantha, poganiza kuti msana wafa ndipo amuna awo sadzayendanso.

A Fainess, mlongo wa a Sailesi, amene anali nawo m'wodimo, sasowa yankho pa chilichonse. "Mulamu, magazi aundana amenewo. Athoweni ndi madzi otentha monga timachitira kwathu."

A Benedicta anathamangira kukhitchini kwa odikirira odwala, n'kubwera ndi beseni ndi ketulo ya madzi otentha. Anaviika kansalu n'kuyamba kuthowa m'mbali mwa bandeji.

"Mukumva kutentha?"

"Ayi."

"Ndiye kuti madzi apola," anatero a Fainess, akuthira ena a m'ketulo. Zala za a Benedicta zinkapsa, koma a Sailesi osatekeseka. Zinawasokoneza kwambiri mayiwo, moti anapitiriza kuthowa misozi ikulengeza.

"Mayi, siyani!" anakuwa namwino Nasra akulowa. Atayang'ana, pakhungu panali patatuluka kale matuza.

"Msana wawo wafa," anatero a Benedicta.

"Sunafe. Adokotala anabaya mankhwala pafupi ndi mitsempha ya pamsana kuti igone, ululu wa bala usamveke. Dzanzili ndi ladala, pofika mawa likhala litatha. Pamene pachita dzanzi munthu samva ngakhale moto, ndipo madzi akalowa pabala limatukusira. Bambo, kodi sitinakuuzeni musanalowe ku opaleshoni?"

"Ndinangovomera," anayankha a Sailesi. "Mantha anali atanditseka makutu."

Kutacha dzanzi linatha, ndipo namwino anawathandiza kuima n'kuyenda pang'ono. A Fainess anali atapita kokagula nthochi, osabwerera msanga.

"Pa opaleshoni pakupweteka?" anafunsa a Benedicta motsitsa mawu.

"Pamenepo mapiritsi akuthandiza. Pakundisowetsa mtendere ndi paja munathowa."

Phunziro: Wodwala akabayidwa mankhwala ogonetsa mitsempha, musaike chotentha pamene pachita dzanzi. Zikakusokonezani, funsani namwino musanatereke madzi.