Nkhoswe ya Mendulo

Eliot ankayenda patsogolo ngati msewu wa ku Soche anaulambula yekha. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma iye anali atamanga mabatani onse a jekete lake lamawangamawanga la pakaunjika. Kumbuyo kwake a Sajeni Morris ankakwera chitundacho pang'onopang'ono, akutsimphina.

"Inu mukangokhosomola kamodzi, a Sajeni, onsewo akakhala chete," anatero Eliot. "Akudziwa kuti nkhoswe yanga si munthu wamba."

"Tiye," anayankha a Morris.

Ankapita ku mlandu wa banja. Ida, mkazi wa Eliot, anali atasuma kwa ankhoswe, ndipo nkhaniyo inali yoti ikambidwe Lowerukali pakhomo pa a Lucius, malume ake a mkaziyo. Banjalo linkakhala pomwepo, m'kanyumba ka kuseri kwa puloti. Eliot anali mkamwini chabe, ndipo mlandu ukamuipira, mkazi ndi denga zikanapitira limodzi. Koma kodi iye zinkamudetsa nkhawa? Ankaimba mluzu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Makolo a Eliot anachokera ku Mozambique kalekale ndipo onse anamwalira. Pa nthawi ya chinkhoswe analibe malume m'tauni muno, choncho anakagwada kwa a Morris ku Naperi, mnzawo wa malemu bambo ake. A Morris anali msilikali wopuma ntchito. Ali ku Congo kosungitsa mtendere, gulu lawo linagwa mumsampha wa zigawenga, ndipo iwo anabwerera kawiri m'kati mwa zipolopolo kukanyamula anzawo awiri ovulala. Anabwerako ndi chipolopolo m'ntchafu ndiponso mendulo. Menduloyo ankaisunga m'chitini pamodzi ndi singano ndi mabatani, koma amene ankaivala pakamwa anali Eliot.

Ku Limbe, kushopu ya maoda kumene ankasenza makatoni a sopo, anthu anali atatopa nayo nkhaniyo. Ovulala awiri aja anasanduka asanu, kenako khumi ndi awiri. "Ine ndimatsata mapazi a Sajeni Morris," ankatero akudzimenya pachifuwa. "Mutu ukakula sulewa nkhonya!" Munthu wake chonsecho sanagwirepo ngakhale legeni.

Anapeza a Lucius atakhala kale pansi pa mtengo wa mapeyala. Ida anali pamkeka chapatali pang'ono, atafunda chitenje kumutu. Atalonjerana, a Lucius anauza mdzukulu wawoyo kuti afotokoze. Ida anachotsa chitenje chija. Diso lakumanzere linali lotupa, lakuda bii.

"Lachitatu tinakumana padepoti ku Limbe awa ataweruka," anayamba Ida. "Tili kufuna minibasi, anyamata awiri anandigwira chikwama. Mmodzi anatulutsa mpeni. Ine ndinakakamira chikwamacho, ndikuitana dzina la awa. Ndinaitana katatu, malume. Potembenuka ndinangoona jekete ili likukhota pakona."

"Anakulanditsa ndani?" anafunsa a Lucius.

"Amayi ogulitsa tomato, ndi dalaivala wina, a Sidiki. Ndi amenenso anandisiya pasiteji. Kunyumba ndinapeza awa atafika kale, akumwa tiyi."

"Nanga disolo?"

"Ndinangowafunsa kuti, kodi a Sajeni aja ku Congo anathamanganso chonchi? Yankho lake ndi limeneli."

A Lucius anapukusa mutu. "Akamwini, mwamva. Tiuzeni."

Eliot anakonza kolala ya jekete, n'kuponya diso kwa a Morris ngati mwana amene waloweza phunziro.

"Anthu wamba zimawavuta kumvetsa," anatero. "Kuja sikunali kuthawa. Ndi nzeru za kunkhondo. Msilikali akaona kuti adani achuluka, amabwerera m'mbuyo kukaitana anzake."

"Ndiye munakaitana ndani?" anafunsa a Lucius.

"Ndinali ndisanaganize bwinobwino."

"Munkaganizira m'kapu ya tiyi?"

Eliot anasintha nkhani. "Komanso mkazi asamanyoze mwamuna. Pakhomo pamafunika mwambo ngati kubalaki. A Sajeni akudziwa."

Zamanyazi! Ngakhale nkhuku zimene zinkatola pabwalopo zikanamuseka.

Tsopano inali nthawi ya nkhoswe yakuchimuna. Aliyense amadziwa mmene zimakhalira: nkhoswe imadzudzula mwana wake pang'ono, imapepesa m'malo mwake, n'kuuza mkazi kuti banja ndi kupirira. Akuchikazi amang'ung'udza, kenako amavomera, anthu n'kumwa thobwa. Eliot ankadalira zimenezo. Anatambasula miyendo, akumwetulira.

A Morris anasisita ntchafu yawo yolumala ija.

"Eliot," anatero, "nkhani yanga umaikonda kwambiri. Ndamva kuti ku Limbe ndinanyamula anthu khumi ndi awiri."

"Anthu amangowonjezera, a Sajeni."

"Pali china chimene sunawauzepo, chifukwa sunandifunse. Tsiku limenelo ndinachita mantha mpaka ndinadzinyowetsa. Thalauza lonse. Ndinali nditafika kale pobisala, ndipo sindinkafuna kusuntha ngakhale chala. Koma kunja kuja munthu ankaitana dzina langa. Morris! Morris! Ndiye ndikanatani? Palibe nzeru za kunkhondo pamenepo. Munthu akakuitana ndi dzina, umapita."

A Morris anamuyang'ana Eliot m'maso.

"Iwe anakuitana katatu."

Eliot anadzambatuka, n'kuima njo, n'kumenya sawatcha. "Ndalakwa, bwana! Ndipatseni chilango chilichonse!"

"Tsitsa mkono umenewo," anatero a Morris osakweza mawu. "Ntchito yake taiona kale pankhope ya mwana wa eni. Wokhala ndi mpeni unamupatsa msana, wopanda kanthu m'manja n'kumupatsa chibakera. Ndiye ukuti unatengera ine? Ndikumva nseru."

Mkono uja unatsika wokha. A Morris anatembenukira kwa a Lucius.

"Achimwene, mwambo umati ndipepese, ndipo ndikupepesadi. Ndine ndinabwera pano kudzanena kuti mnyamatayu ndikumudziwa. Ndinanama osadziwa. Ankanditamanda, ine n'kumakomedwa, osayang'ana kuti m'jeketemo muli ndani. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma zoti ndiuze mwanayu kuti apirire, pakamwa panga sipatuluka mawu amenewo. Anene yekha."

Eliot anayang'ana uku ndi uku. Nkhoswe imene ankati ikangokhosomola onse akhala chete inali itamusiya poyera. Anagwada pafumbi, n'kukwawira chakumkeka.

"Ida, mayi, mwamuna ndi mwana. Ndi Satana uja. Sindidzachitanso."

Ida sanamuyang'ane n'komwe.

"Malume, diso lipola," anatero. "Koma ine ndikadzaitananso tsiku lina, ndikudziwa kale kuti sikudzabwera munthu. Apite."

"Waganiza bwino, mwana wanga?"

"Ndinaganiza kuyambira Lachitatu."

Ida ananyamuka n'kulowa m'kanyumba kaja. Sanachedwe, chifukwa katundu wa mkamwini sachedwetsa munthu. Anatuluka ndi bulangete, m'kati mwake atamangamo malaya atatu, nsapato ndi kawailesi, n'kuika mtolowo patsogolo pa a Lucius, osati pa mwamunayo. A Lucius anaukankha ndi phazi mpaka unakagunda maondo a Eliot.

"Munabwera bwino, akamwini. Mupitenso bwino."

Potsika chitunda, a Morris ndi amene anali patsogolo, akutsimphina chomwecho. Eliot ankatsatira, mtolo uli paphewa, akulankhula osapuma. Ankati mwina a Sajeni angamusunge masiku awiri okha ku Naperi. Ankati atha kugona ngakhale pakhonde, ankati adzawatsukira mbale. A Morris sanatembenuke.

Pasiteji anapeza minibasi ikulira. A Morris anakwera movutikira, n'kukhala pafupi ndi chitseko. Pambali pawo panatsala malo a munthu mmodzi.

"Mmodzi yekha! Mmodzi yekha tinyamuke!" anakuwa kondakitala. "Fulumirani, biggie, ndi katundu wanuyo!"

Eliot anaika phazi pachitseko.

"Yadzaza," anatero a Morris.

Kondakitala anayang'ana malo aja, n'kuyang'ana nkhope ya mkuluyo. Mu Blantyre muno minibasi siidzaza, ndipo palibe kondakitala amene anasiyapo munthu pasiteji mwakufuna kwake. Koma uyu anachotsa phazi la Eliot ndi dzanja, n'kukoka chitseko.

"Tiyeni, adalaivala. Yadzaza."