Kadontho Kofiira Pamphumi pa Amosi

Mwamuna wanga Amosi adamwalira mu Meyi, chaka cha 2009. Adangoti mutu, mutu, pobwera kuntchito ku Kanengo, pofika kuchipatala anali atazizira kale. Adandisiyira ana atatu, nyumba ya ku Area 25, ndi TV yafulati imene adagula kutatsala miyezi iwiri kuti afe.

Maliro ake tidajambulitsa vidiyo. Chimbale chitatuluka, abale ake adabwera kuchokera ku Njewa kudzaonera, patsogolo pali mlongo wake, alamu anga a Jemima. Vidiyoyo imayamba ndi chithunzi cha Amosi chitangoima, nyimbo ikulira. Ndiye pakati penipeni pa mphumi yake padaoneka kadontho kofiira, kochepa ngati nsonga ya singano, koma kowala.

"Magazi awo!" adakuwa a Jemima. "Achimwene akutiuza okha. Mutu uja sunali wa Mulungu. Alamu, mudawatani?"

Ndidapukuta galasi ndi chitenje, kadontho kali pompo. Ndidaika chimbale cha kwaya kuti aone kuti vuto ndi TV, koma m'zithunzi zoyendayenda kadonthoko kadabisala. "Mwaona? Pa anthu ena palibe," adatero. Adachoka osadya, atanena kuti Loweruka la sabata inayo abwera ndi amalume awo kudzandichotsa m'nyumba, poti mfiti singagone m'nyumba ya munthu amene idamudya.

M'mawa mwake ndidasenza TV ija mpaka kumsika wa Nsungwi, kwa a Nedson amene adatigulitsa. Ndidawafotokozera zonse, pepala la galanti, lolonjeza kusintha katundu akavuta, lili m'manja. Iwo adalumikiza TV kumagetsi, nkuzula waya wa DVD. Sikirini idangoti bii. Apo mpamene timadontho tidaonekera poyera, kofiira kaja pakati, tiwiri toyera m'kona.

"Titatu basi," adatero. "Mayi, pepalali mudawerenga? Fakitale imati timadontho tosakwana tisanu si vuto. Mukapeza tiwiri tinato mubwere."

Adaseka. Munthu ndili m'zakuda, iye nkumaseka.

Ndidati chabwino, TV isiyeni, koma tiyeni mukawauze alamu anga ndi pakamwa panu kuti kadonthoka kadachokera kufakitale. Ndikanena ine ati ndi matsenga anga omwewo.

"Ndikalengeze kuti ndimagulitsa zowonongeka? Za ufiti wa kwanu musandilowetsemo, mayi."

Potuluka, TV yanga nditaisenzanso, ndidayang'ana ma TV asanu ndi limodzi amene anali pashelefu. Onse mpira, onse magule, palibe ndi imodzi yomwe yozimitsidwa chithunzi. Ndidazindikira chifukwa chake, ndipo mtima wanga udauma ngati njerwa.

Moyang'anana ndi khomo la shopuyo mnzanga Fatu amagulitsa zitumbuwa. Ndidamupempha malo pabenchi pake. Inali nyengo ya fodya, alimi akachoka ku okushoni ku Kanengo amadutsira pamenepo matumba ali otupa, ndipo a Nedson chaka chonse amadikira miyezi imeneyi.

Woyamba anali bambo wina wa ku Dowa, wa jekete latsopano, lebulo likadali pamkono. "Bambo, pepani," ndidatero. "Musanapereke kanthu, auzeni azule waya wakumbuyo, sikirini ide. Mukatero muwerenge timadontho. Tikakhala tinayi, ngakhale mulire bwanji sakusinthirani."

Adalowa. Ndidamva a Nedson akuti waya sazula chisawawa. Bambo aja adatuluka chimanjamanja nkukauza anzawo pa lole.

Sindidanamepo ngakhale liwu limodzi. Sindidatukwane. Ndinkangophunzitsa anthu zimene mwini wake adandiphunzitsa. Pofika Lachitatu alimi ankalowa okha akuti, "Tazulani waya tione!" Awiri adapezadi timadontho pa ma TV apashelefu, mmodzi mpaka adaitana anthu odutsa kuti adzawerenge nawo. Fatu ankaseka mpaka kupsereza zitumbuwa.

Lachinayi a Nedson adawoloka msewu.

"Mayi anga, mukundipha. Tengani TV ina, nkhani ithe."

"Lero ndakhala mayi anu? TV yokha sindifuna. Muinyamule nokha Loweruka, mudzayankhule pamaso pa alamu anga."

"Loweruka ndiye tsiku la malonda!"

"Ineyo ndi tsiku londichotsa m'nyumba. Sankhani."

Loweruka a Nedson adafika thukuta lili kamukamu, katoni ya TV yatsopano ili paphewa. Pabalaza panali a Jemima ndi amalume awo a Zebedee, mkulu wa mpingo wosayankhulayankhula. A Nedson adayatsa TV yakale popanda chimbale. Mdima bii, Amosi palibe, koma kadontho kofiira kali pamalo pake. Adati galasi limeneli lili ndi timagetsi ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo kena kamatha kukanirira mtundu umodzi kuchokera kufakitale. Kenaka adaika chimbale cha maliro pa TV yatsopano. Mphumi ya mwamuna wanga idaoneka yosalala ngati tsiku la ukwati wathu.

A Zebedee adayang'ana nthawi yaitali, nkutembenukira kwa a Jemima. "Wandikweza minibasi kudzaweruza galasi? Nyumba ino nja ana a Amosi ndi mayi wawo. Pepesa."

A Jemima adang'ung'udza kenakake akuyang'ana pansi. Ndidati sindinamve. Adabwereza. Ndidatsekula chitseko ndi mawindo onse kuti aneba amene adamva za ufiti amvenso izi, ndipo ndidati abwerezenso kachitatu. Tiyi ndidapatsa a Zebedee okha.

A Nedson akunyamula TV yakale ija adandinong'oneza pakhomo. "Ndiye zatha eti, mayi? Lolemba simubweranso?"

"Imeneyi mukaiika pashelefu, muikemo mpira, mugulitse kwa mlimi. Ndikunama?"

Adangoikweza paphewa nkuyang'ana kunjira.

"Fatu wandisungira malo," ndidatero. "Fodya atha mu Ogasiti."