Chidikha cha Nyanthambo

Amuna anga a Benjamini anabwera kwathu ku Dzoole kudzakhala chikamwini atanyamula khasu ndi bulangete basi. Amalume anga a Yoswa anawapatsa munda wa pamtsetse, wamiyala yokhayokha, woti ukamalima mwendo wina uli m'mwamba wina pansi. Amayi ankangokhalira kuwanena ulesi. A Benjamini osadandaula. Koma tikakhala m'chigafa kusankha fodya, pakamwa pawo pankatseguka.

"Kwathu, Sabina, kulibe phiri," ankatero. "Ukatsika mapiri a Ntchisi n'kulunjika kumpoto, umafika ku chidikha cha Nyanthambo. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati mphasa."

Tsiku lililonse dzikolo linkakula. Kunali mtsinje umene umapuma masana kuti anthu awoloke. Kunali udzu woyera wofika m'khosi, umene mphepo ikadutsa umalira ngati kwaya ya ku Mvera ikumvekera patali. Bowa wake ngati lichero, masuku kupsa kawiri pachaka. Zulu zakumeneko n'zofunda, ndipo m'nyengo yozizira agwape amagona mozizungulira, osaopa munthu. Njati zimayenda ndi zisa za mbalame pamsana, mazira osagwa.

Ndinkaseka. "Inu, bodza lidzakuphani!" Koma ndisaname, ndinkalikonda dzikolo. Fodya ankatha m'manja ine osadziwa, ndipo ndikapita kumadzi m'mawa ndinkaona njati zija zikuyenda m'nkhungu.

Chaka chimene mvula inakokolola munda wathu wonse, amalume ananena pagulu kuti mkamwini wolephera kudyetsa mkazi abwerere kwawo. Ndinapsa mtima zedi. Ndinaimirira n'kunena kuti akapita, nane ndipita chitengwa, ndikakhale kwa amuna anga kumene kulibe miyala. Amalume anavomera msanga, mwina pofuna kundikhaulitsa. A Benjamini anangozyolika. Ine ndinkayesa ndi ulemu.

Tinanyamuka ndi mtolo wa zovala, kathumba ka mbewu ya chimanga ndi nkhuku imodzi. Pamsika wina anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makadi. Titawaonetsa anafunsa kumene tinkapita, ndipo ndinayankha ndine, monyada: "Ku Nyanthambo." Anayang'anana n'kutisiya.

Njira yonse amuna anga sanatchule mtsinje kapena njati. Titafika pamwamba pa phiri lomaliza la Ntchisi anakhala pamwala. Kumunsi konse kunali nkhungu yoyera, itayala mpaka kumene maso amalekeza.

"Sabina," anatero, "ine ndinakulira m'maesiteti a fodya. Bambo ankasamuka chaka ndi chaka. Manda awo ali pamalo a eni ake. Mudzi ndilibe."

Ndinakwiya, ndipo ndinawauza mawu oti sindingawabwereze. Sindinali chitsiru choti n'kukhulupirira za njati zonyamula mazira, ayi. Koma kamudzi, kadambo, ndi azakhali otilandira ndi nthungululu, zimenezo ndinkaziyembekeza ndithu. Kenaka ndinalira. Ndinamva chisoni ndi munthu amene analima dziko lonse lija ndi pakamwa chifukwa chosowa poponda.

"Bwerera kwanu," anatero. "Iwe akakulandira. Ine ndiona kolowera."

Ndinacheukira kumapiri a kwathu. Kumeneko kunali amayi, munda ndi abale anga onse, koma malo a amuna anga kunalibe. Ndinayang'ananso kumunsi. Nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo ndinaona udzu ukugwedezeka, udzu wamba ndithu, ndi kamtsinje kakunyezimira pakati pake.

Ndinasenza mtolo, n'kuwapatsa nkhuku.

"Mtsinje uja munati umapuma nthawi yanji?"

"Masana," anayankha.

"Ndiye fulumirani, bambo, tingaupeze utadzuka."