Zala Zodyedwa ndi Simenti

Kamakina kovotera kanalira kachitatu, n'kuyatsanso kagetsi kofiira. Amisiri anachotsapo chala chawo n'kuchiyang'ana ngati ndi chobwereka.

"Pepani bambo, sikakukudziwani," anatero kalaliki wa chisankho, mtsikana waulemu wake ndithu. "Lamulo latsopano likuti chiphaso chokha sichikwanira. Chala chigwirizane ndi makina, apo ayi simuvota."

Ha! Munthu wagwira simenti ndi manja zaka makumi anayi, mizere ya m'zala ingatsale? Zala za Amisiri zinali see ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Anayesa chachikulu, cholozera, mpaka kakang'ono. Akazi awo, amene anali atavota kale, anakuwa ali pawindo, "Tachinyambitani, mwina chigwira!" Anachinyambitadi, anthu pamzere n'kufa nazo kuseka. Kagetsi kofiira komweko.

Zinawapweteka mtima, osati masewera. Chiyambire kuvota anali asanaphonyepo chisankho, ndiye lero abwezedwe ndi kabokosi kokwana m'thumba?

Kunabwera mkulu woyang'anira malowo, tayi ali pakhosi, dzuwa lonselo.

"Musatichedwetse, bambo. Mupite ku ofesi ya kalembera akakujambuleninso zala. Mudzavota ulendo wina."

"Ulendo wina ndi zaka zisanu, bwana. Imvi izi mwaziona bwino? Nanga akajambula chiyani, poti zala zake ndi zomwezi?"

"Ndiye ife tidziwa bwanji kuti inuyo ndi inuyo?"

Apa ndiye anawayatsa moto. "Tabwerani kuno," anatero Amisiri, n'kutsogola kutuluka.

Holo yasukulu imene ankavoteramoyi anaimanga ndi iwo, akadali ndi mphamvu zawo. Pakhonde, pafupi ndi chitseko, panali chidindo cha dzanja chimene anadinda simenti ili yaiwisi tsiku lomaliza ntchito. Anagwada, mawondo akulira, n'kuika dzanja lawo pamenepo. Linalowa ndendende, ndi kachala kopindika komwe, kamene njerwa inakathyola kalekale.

"Mizere mukuifunayo inatsala m'makoma awa. Mthunzi mwakhalamowu, malipiro ake ndi zala zanga. Katengeni kamakina kanuko kadzawerenge apa."

"Lamulo siliwerenga makonde, bambo."

"Zikomo. Ndidikira liphunzire."

Anatembenuka n'kukhala pansi pakhomo penipeni, dzanja lili pachidindo paja. Wapolisi anasendera, koma mayi wina wobereka mwana, amene anali kutsogolo kwa mzere, anamuyankha asanafunsidwe.

"Musavutike kutipatulira njira, achimwene. Ife tili pambuyo pa bambowa. Mzere ndi mzere."

Anamasula mwana wake n'kukhala pansi. Wotsatira anakhalanso, ndiye winayo, mpaka kugeti. Aja ankaseka aja ndi amene anayamba kusakasaka miyala yokhalira.

Bwana uja anayang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kupapasa foni m'matumba.

Akazi a Amisiri anadzakhala pambali pa amuna awo, n'kuvula nsapato mosapupuluma.

"Mukawaimbira akuluakuluwo, muwauze atumize ndi zofunda," anatero. "Makina anuwo sakuwadziwa awa, koma ine ndimawadziwa. Akati sachoka, sachoka."

M'holo muja kamakina kaja kanatsala kokha patebulo, kusowa chala choti kakane.