Kapitawo ndi Tochi Yokalamba

Apongozi anga anagamula mlandu wa tambala ali pakhonde, akunola mpeni pa sitepe.

"Mawa kukubwera achimwene anga," anatero. "Tambala ameneyu akungotha chakudya. Tizinga madzulo ano."

Tambalayo ndi wanga. Ndinamulera kuyambira ali kamwanapiye, ndipo timamutcha Kapitawo chifukwa amayenda pabwalo chifuwa patsogolo ngati alipo amene amamugwirira ntchito. Chowawa n'chakuti umboni womutsutsa ndinabwera nawo ndine. Ine thadzi likafungatira sabata ndi kanthu, ndimalowa ndi mazira pansi pa bulangete n'kugunditsa lililonse pa tochi. Ngati muli mwanapiye mumaoneka timitsempha tofiira ngati mizu ya udzu. Ngati mulibe ndimachotsa, lisadzaphulike m'chisa. Ulendo uno ndinaunika onse osaona mtsempha ngakhale umodzi, ndipo pakamwa panga panafulumira.

Amuna anga anayesa kumuikira kumbuyo. "Koma Amayi, ine ndimamuona akuthamangitsa mathadzi tsiku lonse."

"Kuthamanga ndi kwina, ntchito ndi ina," apongozi anayankha osadzutsa mutu. Amuna anga anakumbukira mwadzidzidzi kuti njinga ikufunika kupopa.

Chakumasana mwana wathu anaponya kabotolo ka mankhwala pansi pa bedi. Ndinagwada ndi tochi ija, koma botolo ndinalipeza ndi dzanja, osati ndi maso. Ndinaika mabatire atsopano, chimodzimodzi. Kuwala kwake kunali ngati tiyi wa masamba obwereza.

"Tochi iyi yatopa," ndinauza amuna anga.

"Imeneyo sitopa. Wogulitsa anati babu lake ndi lamuyaya."

"Wogulitsayo analiona muyayalo?"

Ndinabereka mwana, kunyamula tochi, kutenga dzira limodzi m'chisa, thadzi likundijompha, n'kuliika m'kamisolo kuti lisazizire. Apongozi ndinawapempha kuti asatereke madzi ososolera tambala ndisanabwere. Anangoyesa mpeni pa chala.

Ndinalunjika kwa wokonza mafoni amene amakhala pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu, pafupi ndi wometa. Tebulo lake ndi lodzaza mafoni akufa, tizitini ta tizitsulo, ndi wailesi yopanda chivundikiro imene imalankhulabe. Anayatsa tochi, n'kuiyang'ana m'maso osaphethira.

"Mukuona, chemwali? Ikanakhala yamoyo bwenzi ndikulira misozi."

"Koma ikuyaka. Babu likapsa si limazima?"

"Aja akale agalasi ndi amene ankafa kamodzi n'kamodzi. Ili limakalamba. Limatha zaka zambirimbiri, koma kuwala kumachepa pang'onopang'ono, maso anu n'kumazolowera. Likamatenthedwa ndiye limakalamba msanga. Mumaisiya ikuyaka nthawi yaitali?"

"Nyengo yozizira yonse inkakhala m'katoni ya anapiye. Ndinkaikulunga chinsanza kuti asaiipitsire."

"Yoyaka?"

"Yozima ikanawathandiza chiyani?"

Anaseka mpaka wometa anasuzumira. "Ndiye munaiphika, chemwali."

"Zophika tisiye. Limasinthika kapena ayi? Kunyumba kuli munthu akudikira mpeni."

Anasiya kuseka. Ndinafotokoza kuti munthuyo ndi tambala, iye n'kuyambanso kuseka.

"Zimatengera mutu wa tochi," anatero akupotokola. "Zambiri amamata ndi guluu, ukati utsegule umaswa. Yanuyi ikumasuka, muli ndi mwayi."

M'kati munalibe babu loti munthu n'kuligwira. Munali kadontho kachikasu, kochepa kuposa njere ya mpunga, komatidwa pa kambale kachitsulo, ndi timawaya tiwiri. Anati kadontho kokha n'kovuta kuchotsa, bola kusintha ndi kambale komwe. Anafufuza m'katoni mpaka anapeza tochi ina yophwanyika thupi, yoti inapondedwa ndi galimoto koma mutu uli bwino. Anayerekeza timbale tiwirito, n'kuwotcherera timawaya, kautsi kakukwera. Mwana kumsana anayetsemula.

Atayatsa, khoma lonse la pansi pa masitepe linaonetsa akangaude ake.

"Bwerekeni jekete lanulo," ndinatero, ndikupisa dzanja pachifuwa.

Mnyamata wa anthu anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda wailesi. Ataona kuti ndatulutsa dzira anapuma.

"Mwaikira liti, chemwali?" wometa anafunsa.

"Metani anthu, achimwene. Uyo mwamusiya mutu theka."

Ndinadzifunditsa jekete kumutu, lonunkha mafuta a makina, n'kugunditsa dzira pa tochi. Linayaka ngati khala. Timitsempha tinali ponseponse, ndipo pakati panali kadontho kakuda kakugwedezeka.

Sindikumbukira bwino mmene ndinayendera pobwerera. Munthu sungathamange uli ndi mwana kumsana ndi dzira pachifuwa, ndiye ndinkayenda ngati bakha wachita changu.

Ndinapeza madzi ali pamoto, akuwira. Kapitawo anali chigonere pafupi ndi mtondo, miyendo yomangidwa ndi chingwe, chifuwa chija chitaphwa. Amuna anga anali akupopabe njinga.

"Amayi, tiyeni kaye kuchipinda."

"Kukatani masana ano?"

"Mukaone zidzukulu."

Anakana, anati pa msinkhu wawo sangalowe m'bulangete la mpongozi. Ndinayala lawo lomwe. Analowa ndi tochi akung'ung'udza za mawondo, ine ndikubweretsa mazira awiriawiri kuchokera kuchisa. Kenako ndinamva mawu awo m'bulangetemo.

"Bweretsa lina."

Ndinabweretsa.

"Ili mulibe."

"Limodzi lokha, Amayi."

"Ndaona, sindine wakhungu. Linanso."

Atamaliza anatuluka duku litapendekeka, maso akuphethira. Sanandiyang'ane. Anatola mpeni uja pakhonde n'kupita pamene panagona Kapitawo. Amuna anga anasiya pampu. Apongozi anawerama, n'kudula chingwe.

Kapitawo anadzuka, kudzikung'untha, n'kuyenda motsimphina kulowera kumene kunali mathadzi.

"Ndangokumbukira," apongozi anatero akupukuta mpeni pa nsalu yawo. "Achimwene anga aja, adokotala anawaletsa nyama. Iwe, njingayo yakhuta mpweya. Pita ukagule kabichi."