Magiya a Alamu

Sunhwa anafika kwa apongozi ake m'mawa kudakali chisanu, magolovesi a labala ali m'manja. Linali tsiku lokonza kimuchi, ndiwo ya kabichi wosasitsa ndi tsabola yosungira nyengo yozizira, ndipo kabichi wothira mchere anali ataunjikidwa kale m'mabeseni pakhonde. Ankadziwa kuti nkhani ya tsikulo sikhala ya kabichi yekha.

Ntchito yake ku fakitale ya magiyabokosi a galimoto mumzinda wa Changwon abale a mwamuna wake sankaimvetsa, ndipo sankafunanso kuimvetsa. Ankatenga magiya ochokera ku mafakitale ang'onoang'ono, kuwatsuka ndi mankhwala m'chipinda chosalowa fumbi, kenaka n'kusefa mankhwalawo. Zotsalira pa sefa ankaziika pa makina okulitsa zinthu n'kumayeza kanyenyeswa kalikonse ka chitsulo. Kamodzi kokha kakapyola muyezo, katundu yense ankabwezedwa, chifukwa kanthu kotero kakalowa m'mafuta kamatseka njira, giya n'kukana galimoto ili pa liwiro. Anaphunzira uinjiniya kuti afike pamenepo, koma a Gilsu, mkulu wa mwamuna wake, ankamutcha wotsuka mbale wa digiri.

Sabata imeneyo, magiya amene anabweza anali a fakitale ya a Gilsu omwewo.

A Gilsu anatulukira chakumasana atanyamula nyama ya nkhumba yowiritsa.

"Ehee, a injiniya athu alipo! Amayi, musawagwiritse kabichiyo, amupeza ndi fumbi n'kumubweza kumunda."

"Mwaswera bwanji, alamu," anatero Sunhwa, uku akupaka tsabola masamba.

A Gilsu ananyonyomala pafupi naye. "Tinyenyeswa titatu, mlamu. Titatu! Toti ngakhale nyerere singapunthwe."

"Kamodzi kanali kotalika kawiri kuposa muyezo."

"Chabwino. Ndikubweretserani magiya ena asanu Lolemba, ndisankha ndekha. Muyesenso."

"Osankha si inu, alamu. Ndimapisa ndekha m'bokosi, osayang'ana."

Apongozi anasiya kudula adyo. "Iwe make Dain, anthu angati amadya chifukwa cha fakitale ija? Mwana wako yemweyu njinga anamugulira ndani? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Amayi, fupalo likandilowera m'giyabokosi, ndilibwezanso."

Mkazi wa a Gilsu anaphulika chiseko, n'kuchisandutsa chifuwa. Apongozi anaimirira.

"Vula magolovesiwo uzipita kwanu."

"Beseni ili ndaliyamba, ndilimaliza," anayankha Sunhwa.

Ndipo analimalizadi, n'kuyambanso lina, misozi ya tsabola ikutsika popanda woiona. Palibe amene anamulankhulanso. Nyama itagawidwa, mbale inamulumpha. Mwamuna wake Wonjae ankangonyamula mabeseni kuchoka uku kupita uko, maso ali pansi ngati wataya ndalama.

Ali m'galimoto pobwerera, Wonjae anati, "Ukanangoti 'ndiona', basi. Nkhani ikanathera pomwepo."

"Ndinaona kale. Amandilipirira kuona komweko."

Lolemba m'mawa anaitanidwa ndi a Pyo, mkulu wa chigawo chawo kuntchito. A Gilsu anali atawaimbira foni, n'kunena kuti mlamu wawo ali nawo mangawa chifukwa cha nkhani za kubanja, ndiye akubwezera pa magiya.

"Sindikuti ndi zoona," anatero a Pyo, "koma nkhaniyi yanunkha. Ku ofesi yogula katundu kuli malo. Kuli zenera, kuli khofi, simudzavalanso chipewa cha pepala. Anzanu amalirira kumeneko."

"Bwana, tsiku lomwe fakitale yawo inayamba kutigulitsa magiya, ndinabwera pano kudzakuuzani kuti ndi alamu anga. Munati bola ndisawakondere. Lero mukundichotsa chifukwa sindinawakondere?"

"Mayi, musandiike mawu m'kamwa."

"Ngati mukukayika manja anga, ikani injiniya wina pambali panga. Apise yekha m'bokosi, aonerere ndikutsuka, awerenge nane. Koma pa mpando uja sindichoka. Mukafuna mundichotse ntchito, ndipo mulembe chifukwa chake."

A Pyo anakanda m'mutu. Madzulo ake injiniya wina anapisa m'bokosi la a Gilsu lomwe linali lisanachoke, Sunhwa anatsuka, ndipo magiya aja analepheranso.

Koma ulendo uno Sunhwa anakhalitsa pa makina. Tinyenyeswato tonse tinali topiringizika, tamtundu umodzi, tofanana ndi timene timatsalira m'kamwa mwa kabowo chitsulo chikabooledwa. Usiku usanagwe anali atadziwa kuti vuto lili m'timabowo ta mafuta.

"Ukawauze achimwene ako ayang'ane timabowo," anauza Wonjae.

"Ukawauze wekha. Ine ndatopa kukhala mpira."

Loweruka Sunhwa anakwera basi kupita ku fakitale ya a Gilsu. Mlonda anaimba foni, n'kubwerera akuti abwana akana. Iye anangoima pa geti, mphepo ikumuboola makutu, mpaka a Gilsu anatuluka okha, antchito akusuzumira kumbuyo kwawo.

"Mwabwera kudzapepesa?"

"Ayi. Ndabwera kudzakuuzani kuti timabowo ta mafuta simukutichotsa zotsalira. Chitsulo chikumamatira m'kati, makina anu otsukira sakuchifikira."

"Ndinayamba kusema magiya inu mukuvala matewera!"

"Ndiye mukudziwa bwino kukonza kwake kuposa ine," anatero Sunhwa mokweza, kuti nawonso akumbuyo aja amve. "Dulani giya limodzi pakati muone. Ndikanama, ndidzabwera kudzagwada pa geti pomwe pano."

A Gilsu anatembenuka n'kulowa. Sunhwa anaona bambo wina wachikulire wa ovololo akutola giya patebulo n'kumaliunika pa kuwala. Kenaka anabwerera ku basi.

Panadutsa mwezi. Apongozi sankayankha foni yake. Dain akapita kwa agogo ake, ankapita ndi bambo ake okha. Kuntchito ena anayamba kumupewa pa chakudya cha masana, akuti munthu wosamvera chisoni m'bale wake angatani ndi iwo. Iye ankadya yekha, n'kubwerera kukavala chipewa chake cha pepala.

Kenaka katundu watsopano wa a Gilsu anafika. Anapisa, anatsuka, anasefa. Pa sefa panali poyera kuposa pa magiya ena onse amene anayesa chaka chimenecho. Anasaina, n'kutuluka panja kukaimba foni.

"Alamu, magiya anu adutsa."

A Gilsu anatsokomola. "Magiya anga sanakhalepo ndi vuto. Makina anuwo ndiye achira."

"Kaya. Ena akubwera mwezi wamawa. Ndidzapisanso ndekha."

"Mkazi wouma mutu ngati inu sindinamuonepo," anatero a Gilsu. "Lamulungu mubwere kwa amayi. Ndawauza kuti asiye zimenezi."

"Ndibwera. Koma kupepesa musakudikire."

A Gilsu anadula foni. Sunhwa anaiika m'thumba n'kulowa m'kati, chifukwa bokosi la fakitale ina linali likumudikira.